Mabawuti a Njinga ya Apongozi

Panali munthu wina, mkamwini, amene anakwatira m'mudzi wina kuseri kwa Mitundu. Dzina lake anali Tobiasi. Sanali waulesi, sanali chidakwa, ndipo munda wake unkalimidwa pa nthawi yake. Vuto lake linali limodzi. Mawu akuti "sindikudziwa" ndi akuti "ndalakwa" ankamutsamwa pakhosi ngati munga wa nsomba.

Apongozi ake aakazi anali aNachisale, mayi wamasiye wosachulutsa mawu. Awiriwa ankasunga mwambo wakale wopewana. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'tchire. Sankadyera pamodzi, sankayang'anana m'maso, ndipo mawu alionse ankadzera mwa Edesi, mkazi wa Tobiasi.

Tsono Edesi anali ndi pakati, mimba yake yoyamba. Masiku atayandikira anapita kukakhala kuchidikiro, nyumba ija ya pachipatala imene amayi oyembekezera amadikiriramo tsiku lawo. Unali ulendo wa maola anayi wapansi, koma panjinga ola limodzi ndi pang'ono. Omudikirira anali aNachisale. Ufa ukatha ankabwera kumudzi, kugona tsiku limodzi, kugayitsa, n'kubwerera.

Masiku oterowo pakhomo pankavuta, pakuti wodutsitsa mawu panalibe. Koma anthu sasowa nzeru pa zinthu zotere.

"Mbuzi zija sizinamwe," aNachisale ankauza nkhokwe.

"Zimwa pompano," Tobiasi ankayankha mtengo wa mango.

Ndipo nkhokwe ndi mtengo wa mango zinkamvana bwino kwambiri, kuposa mabanja ambiri amene ine ndawaona.

Njinga imene aNachisale ankayendera inachokera ku Joni. Anawatumizira mwana wawo wamwamuna zaka zingapo kumbuyoko, amuna awo akadali moyo. Inali yopepuka ngati dengu lopanda kanthu, yamagiya kumbuyo, ndipo m'mudzi monsemo munalibe inzake. Tsiku lina atafika kudzatenga ufa, anaiika m'nyumba, natuluka, nauza nkhokwe kuti, "Njinga iyi isakhudzidwe. Mawa masana ndibwerera nayo."

Mtengo wa mango unamva.

M'mawa mwake aNachisale anasenza chimanga kupita kuchigayo. Linali tsiku la msika. Tobiasi anali ndi thumba la anyezi loti akagulitse, ndipo njinga yake anali ataigulitsa kale kuti agule feteleza. Thumbalo akanatha kulisenza, pakuti silinali lalikulu. Koma anaganiza za anzake a pabawo, mmene akatembenukire akamuona akutsika pa njinga ya ku Joni. Anaganizanso za mzere wa kuchigayo, kuti pa tsiku la msika umakhala wautali. Anati mumtima mwake, ndipita ndi kubwera, ndiipukuta fumbi, ndiibwezera pomwe inali.

Njingayo inkathamanga ngati ili ndi mlandu. Potsetsereka kulowa m'khwawa, Tobiasi sanagwire buleki, pakuti mphepo inkamukoma m'makutu. Pansi pa khwawalo panali mwala. Tayala lakutsogolo linaulumpha, koma mbale inaumenya. Mbale ndi gudumu la mano lija limene tcheni chimakwerapo, pakati pa mapedulo. Atadzuka n'kudzisansa fumbi, anapeza mbaleyo itapindika ngati chivundikiro cha poto chopondedwa ndi ng'ombe.

Tobiasi anakulira pa njinga zakale zachitsulo chakuda, zimene zimamva chinenero chimodzi chokha, cha mwala ndi hamala. Choncho anatola mwala kuti aiwongole. Koma mbale iyi inali ya chitsulo choyera chofewa, chosadziwa chinenero chimenecho. Atamenya kachitatu inang'ambika, mano atatu n'kugwera mumchenga.

Anaibisa njingayo m'chimanga cha munthu pafupi ndi msika, nalowa wapansi, anyezi ali paphewa. Anzake a pabawo sanatembenuke n'komwe.

Pamsikapo panali wokonza njinga wina, aKamtedza, amene ankasunga zitsulo za njinga za pakaunjika m'mgolo wodula pakati. Anafufuza, napeza mbale yofanana nayo. Anatchula mtengo, Tobiasi n'kupereka pomwepo. Munthu wamanyazi sanenerera. Ife ogulitsa timamuona akadali patali, ndipo timathokoza Mulungu.

"Bweretsani njingayo ndikuikireni," anatero aKamtedza. "Ndi ntchito yosachedwa."

Koma akazi awo a aKamtedza ankaimba kwaya imodzi ndi aNachisale. Nkhani ikanafika kumudzi Tobiasi asanafike.

"Si yanga ayi. Ndi ya mnzanga wina, wandituma."

"Oho. Nanga mabawuti ake mukuwadziwa? Ali ndi khalidwe lawolawo amene aja."

"Ndikuwadziwa."

"Chabwino, akatswiri," anatero aKamtedza, nabwerera ku chubu chimene ankamata.

Nzeruyo inali pakamwa pa aKamtedza, yaulere, itatsala pang'ono kutuluka. Tobiasi anaitsekera chitseko ndi liwu limodzi.

Anabwerera kumudzi modzera m'tinjira ta m'minda, akukankha njinga. Apongozi anali asanabwere, pakuti kuchigayo magetsi anali atazima. Analowa nayo kuseri kwa chigafa cha fodya, kumene munthu wa pabwalo sangaone, naigoneka pansi.

Mbaleyo inagwidwa ndi mabawuti asanu. Lililonse linali ndi kabowo ka makona asanu ndi limodzi pamutu. M'kachikwama ka pansi pa chishalo anapezamo kachitsulo kokhota kolowa bwino m'kabowomo. Analowetsa, napotoza. Bawuti silinasunthe. Njingayo inali itawoloka mitsinje madzinja angapo, ndipo dzimbiri linali litamanga mudzi. Anathamangira m'nyumba, natenga palafini wa m'koloboyi, nathira pa onse asanu, nadikira. Kenaka anakanikiza ndi thupi lonse.

Bawuti linasuntha.

Tobiasi anaseka yekha. Anapotoza kakhumi. Anapotoza kamakumi awiri. Anapotoza mpaka dzanja linatentha. Atayang'anitsitsa, bawutilo linali pomwe linali, losatuluka ngakhale pang'ono. Anayesa lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu, lachinayi, lachisanu. Onse ankazungulira mokoma, mwaulemu, ngati munthu amene akukuvomerani zonse koma alibe maganizo ochita kanthu.

Nali khalidwe limene aKamtedza ankanena. Bawuti la mbale yotere si limodzi, ndi awiri olowana. Lina limalowa chakutsogolo, lina chakumbuyo, n'kugwirana pakati. Dzimbiri likawamanga, ukapotoza lakutsogolo lakumbuyo limatsatira, ndipo mungazungulire limodzi mpaka Yesu adzabwere. Lakumbuyolo lili ndi kamng'alu kakang'ono. Pamafunika wina agwire pamenepo.

Tobiasi anakapeza kamng'aluko ndi chala. Anatenga mpeni. Dzanja lina linagwira mpeni kumbuyo, lina kachitsulo kutsogolo, bondo n'kupanikiza pedulo kuti kalanka, mkono uja wa pedulo, isayende. Atakanikiza, mpeni unaterereka n'kumucheka chala chachikulu. Anayamwa magazi, nayesanso. Unatererekanso. Ntchitoyo inkafuna manja atatu, ndipo Mulungu, podziwa mtima wa munthu, anatipatsa awiri.

Dzuwa linafika paliwombo. Ndipo Tobiasi anachita chimene amuna amachita nzeru zikatha. Anatenga hamala ndi msomali waukulu, naika nsonga yake pamutu pa bawuti limodzi, nayamba kukhoma kuti lituluke mokakamiza. Anakhoma, nakhoma. Bawuti silinatuluke. Koma kabowo ka makona kaja kanasanduka kozungulira ngati diso la nkhuku. Atalowetsamo kachitsulo kaja, kanangosambiramo.

Pamenepo anamva mtolo ukutulidwa pabwalo. Apongozi anali atabwera.

Anatchera khutu, hamala ili m'manja. Anamva akumwa madzi. Anamva akuthamangitsa nkhuku pa ufa. Kenaka foni yawo inalira.

"Ee, ndine... Wayamba liti?... Mwati amulowetsa kale?... Muuzeni ndikubwera. Muuzeni mayi ako ali panjira."

Chitseko cha nyumba chinatseguka. Panapita kanthawi. Chinatsekedwanso.

"Njinga palibe," aNachisale anauza nkhokwe.

Mtengo wa mango sunayankhe.

"Njinga palibe," anateronso.

M'mudzi monse munalibe njinga ina, pakuti zonse zinali kumsika. Tobiasi ankadziwa zimenezo. Ankadziwanso kuti kuseri kwa chigafa kuli chimanga chachitali, ndipo munthu angalowemo n'kutulukira kudambo, n'kubwera madzulo akudabwa pamodzi ndi ena kuti akuba afika poipa masiku ano. Panalinso hamala. Anaika msomali pa bawuti lachiwiri, nakweza dzanja. Mwina nkhonya imodzi yamphamvu ikanatha zonse. Mwinanso ikanathyola kalanka yeniyeniyo, imene inzake sakanaipeza kuno konse, ndipo apongozi akanayenda maola anayi wapansi pamene mwana wawo akubuula pakati pa alendo.

Dzanja linakhala m'mwamba nthawi yaitali. Kenaka analitsitsa, naika hamala pansi.

Ananyamula njingayo, natuluka nayo pabwalo, naigoneka patsogolo pa apongozi ake. Ananjuta. Sanayang'ane mtengo wa mango. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire, anayang'ana aNachisale kumaso.

"Amayi, njinga yanu ndinatenga ndine. Ndaphwanya mbale. Ndalimbana nayo kuyambira m'mawa kuseriko. Sindikudziwa kamasulidwe kake."

Anadikira kukalipiridwa. Akanakulandira ndi manja awiri, pakuti munthu akakukalipira amakuchotserako katundu. Koma aNachisale anangoyang'ana njingayo. Anayang'ana mano othyoka, palafini, magazi a pachala.

"Mbale ina ilipo?"

"Ilipo, amayi."

ANachisale analowa m'nyumba, natuluka ndi supuni yakale. Chogwirira chake chinali chopalidwa ndi tupa, kutsala timano tiwiri kumapeto.

"Anapala ndi malemu," anatero. "Mbale mwaphwanyayi tinaika awiri. Iwo ankapotoza, ine ndinkagwira kumbuyo. Imikani njingayo."

Tobiasi anaiimika. ANachisale anakonza chitenje chawo, nanjuta mbali inayo, nalowetsa dzanja pansi, timano ta supuni n'kukhala m'kamng'alu kaja ngati tinabadwira momwemo. Mitu yawo inayandikana kuposa mmene mwambo unalolera chiyambire. Tobiasi ankamva fungo la ufa wa kuchigayo pa duku lawo.

"Pondani pedulo, bambo. Musapotoze mwaukali. Kamodzi kokha, mwamphamvu."

Khwa!

Bawuti linalira ngati nthambi youma, n'kuyamba kutuluka.

"Palafiniyu munachita bwino," anatero aNachisale, akusunthira pa lachiwiri.

Khwa! Lachitatu linavutako pang'ono, koma linamvera. Lachinayi linangotuluka ngati linali kudikira kufunsidwa. Onse anayi anatha m'nthawi yosendera chinangwa chimodzi.

Anafika pa lachisanu, lija la hamala. ANachisale anagwira kumbuyo. Tobiasi analowetsa kachitsulo, ndipo kanazungulira m'bowo mopanda chogwira. Anayesanso. Anayesa mopendeketsa. ANachisale anachotsa supuni yawo.

"Ili ine sindingalithandize," anatero. "Kutsogolo kulibe pogwira. Tengani tupa, mulidye mutu."

Tobiasi anatenga tupa. Malo ake anali opanikizika, tupa inkangoyenda pang'onopang'ono, ndipo chitsulo cha bawuti chinali cholimba kuposa cha mbale. Anapala. Thukuta linkagwera pa tcheni. ANachisale anamanga ufa, anamanga nkhuni, anamanga zitenje ndi beseni, nakhala pa mtolowo manja ali pamiyendo. Anayang'ana njira, nayang'ana dzuwa, nawerengera mumtima kuti wapansi sangafike msanga kuposa kudikira. Foni inalira. Anayankha kuti, "Ndili pafupi kunyamuka." Inaliranso. Anangoiyang'ana.

Pabwalo ponse pankamveka tupa yokha, kwee, kwee, kwee, ndipo kwa Tobiasi kulira kulikonse kunkatchula dzina lake.

Mutu wa bawutilo unagwa patapita ola ndi theka. Anaika mbale yatsopano ndi mabawuti anayi otsalawo, malo a lachisanu n'kukhala pululu. Anakweza tcheni, nazunguza pedulo ndi dzanja. Tayala linayenda.

Tobiasi anapereka njingayo ndi manja awiri, maso ali pansi. ANachisale sanailandire.

"Mupalasa ndinu. Miyendo yanga singabweze nthawi yatayikayi. Ine ndikhala pakaliyala."

"Amayi, anthu..."

"Anthu sakubereka lero. Kwerani."

Anamangirira ufa kutsogolo. ANachisale anakhala chammbali pakaliyala, beseni lili pamiyendo, dzanja litagwira pansi pa chishalo kuti lisakhudze mkamwini. Ndipo inali nthawi imene anthu amachokera kumsika. Mudzi wonse unali mumsewu, wapansi ndi wapanjinga, ukubwera pamene iwo akupita.

"Taonani kuno! Mkamwini wanyamula apongozi!"

"Dziko latha, anthuni!"

"Tobiasi, wayamba kabaza? Apongozi amalipira bwanji?"

Amayi ena anagwira pakamwa. Anzake a pabawo, amene m'mawa sanatembenuke, tsopano anatembenuka onse. Podutsa pamsika, aKamtedza anadzutsa mutu, nayang'ana mbale, nayang'ana wopalasa.

"Akatswiri! Mukapereke moni kwa mnzanu uja!"

Tobiasi anaweramira pa mahandulo, napalasa ngati akuthawa njuchi. Chimene anabisa kuseri kwa chigafa m'mawa wonse anachiyendetsa yekha mumsewu waukulu, dzuwa likuwala.

Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Mwana anali atabadwa kale, wamkazi, wamoyo ndi wamphamvu. Panali patapita pafupifupi ola. Amene anaperekeza Edesi mpaka pakhomo la chipinda chochirira anali mayi wina wa mudzi wakutali, wodikirira mwana wake. Ndiye anavula chitenje chake kuti afunditse khandalo. Ndiye anaphika phala.

ANachisale analowa. Tobiasi anatsala panja, pansi pa zenera, atagwira njinga. Anamva mawu a mkazi wake, ofooka, osakwiya, ongofunsa.

"Amayi, ndinakuitanani. Ndinaitana mpaka mawu anatha. Munali kuti?"

Tobiasi anatseka maso.

"Njinga inavuta, mwana wanga," anatero aNachisale. "Tandipatsa ndimuone."

Sanawonjezere kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndipo Tobiasi anaima pansi pa zeneralo, akumva mwana wake akulira koyamba m'makutu mwake, osapeza nkhope yolowera nayo.

Tsono inu amene mwakhala apa, mverani. Manyazi alipo awiri, ndipo amavala malaya ofanana. Ena ndi aja amakupatutsa panjira kuti wamkulu adutse. Amenewo asungeni, sawononga kanthu. Ena ndi aja amakutengera kuseri kwa chigafa ndi hamala m'manja. Amenewo ndi wamalonda woipa. M'mawa amakuuza kuti ungokhala chete, n'zotchipa. Ukabwera masana wakweza. Ndipo pomaliza amene amalipira si iwe, ndi wina amene sanalowe nawo m'sitolomo.

Mabawuti anayi anagwidwa ndi dzimbiri la zaka, ndipo anamasuka m'kanthawi wogwira kumbuyo atapezeka. Limodzi linagwidwa ndi manyazi a m'mawa umodzi, ndipo ndi limene linachititsa kuti mwana wa munthu aitane mayi ake popanda woyankha.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi kanthu kamene mwakhala mukukapotoza nokha, mwezi uno ndi watha, kakuzungulira bwinobwino koma osatuluka. Mukumudziwanso amene angagwire kumbuyo. Ndi yemweyo amene mukumuzemba. Pitani lero, mutu wa bawuti ukadali ndi makona.